Mbuya Wanga Mulenga ndi Mkono wa Loboti

Agnesi ndi Petulo, ana anga, za ubwana wanga ku Kabushi sindilemba, chifukwa azakhali anu anakuuzani kale ndipo anathiramo mchere wokwanira. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Mudzaona kuti m'mutu uno muli Mulenga kwambiri kuposa ine bambo wanu. Musadabwe, ntchito yanga ndi munthu ameneyo sindingazilekanitse.

1986

Ndinalembedwa ntchito pa koleji ina ya zaumisiri ku Kitwe, mu labu ya zamagetsi. Ntchito yanga inali yokonzera ophunzira mabenchi: kuyala mawaya, mamita oyezera magetsi, zitsulo zowotcherera ndi osilosikopu, makina aja a kagalasi koonetsa magetsi ngati kamzere kobiriwira kovina. Ophunzira akatuluka ndinkatolera, kupukuta ndi kukonza zimene apsereza. Bwana wanga woyamba, a Musonda, anali munthu wamfupi, wa khosi lonenepa, wokhulupirira kuti aliyense wolowa mu labu wabwera kudzaba. Potuluka ankatipisa m'matumba, ngakhale ife antchito. Kuseka ankakuona ngati kuwononga nthawi ya boma. Ine, mwana wa bambo wa pamgodi amene sankalola mwana kuyankha, ndinkangoti "Ee mukwai", kutanthauza inde bwana, pa chilichonse, ngakhale asanamalize kulankhula.

Tsiku loyamba lomwelo ndinapezamo mnyamata wamtali, wowonda ngati nsungwi, amene anayamba ntchito chaka chapitacho. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenaka anandifunsa dzina. Ndinati ndine Zulu, makolo ndi a ku Chipata koma ndinabadwira ku Ndola. Basi anatembenuka n'kufuula: "Ba Musonda, mwanibweretsera kapolo! Manje makoswe yonse ya mu sitolo yazasila, uyu azadya." Bwana anali pomwepo. Koma magazi sanama. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Ine nidya mbeba, iwe udya kolwe, m'bale wako weniweni." Kolwe ndi nyani m'Chibemba. Tsaya la a Musonda linagwedezeka pang'ono, ndipo kumeneko ndiko kuseka kokha kumene ndinawaona nako zaka zonse zimene anatilamulira. Mnyamatayo anali Mulenga.

Inu ana chimbuya mumachidziwa mwa apo ndi apo, choncho ndifotokoze. Ife a kum'mawa, chigawo cha ku Chipata, ndi Abemba timatchana ambuya, osati agogo ayi, koma abale achipongwe. Akuluakulu amati makolo athu anamenyana kalekale, nkhondoyo itatha inasanduka nthabwala. Mbuya wako umamunyoza, umamulanda chakudya m'manja, umamutcha kapolo pagulu, iye sakwiya. Akakwiya wadzichotsa yekha ulemu. Koma maliro akakugwera, ndi yemweyo amene amayamba kugwira fosholo. Ndi anthu ena onse ndinali munthu wofatsa, wochita manyazi. Ndi Mulenga yekha ndinali ndi pakamwa.

1993 mpaka 2004

Ananditumiza ku nthambi ya kolejiyo ku Ndola. Ndinachita lendi kachipinda ku Kanini, ndipo ndi nthawi imeneyo ndinakwatira mayi wanu Tereza. Sipanapite nthawi yaitali Mulenga anapempha kuti naye asamutsidwe. Atafunsidwa chifukwa, anauza akuluakulu kuti kapolo wake sangakhale wopanda womuyang'anira. Zinali zaka zosowa. Zipangizo zatsopano tinkangozimva m'maloto. Mtovu wowotcherera tinkaudula ndi lezala tizidutswa ting'onoting'ono n'kumagawira ophunzira ngati mankhwala a kuchipatala. Loweruka tinkayenda m'misika ya ku Mushili ndi ku Kabushi kupempha mawailesi akufa kwa okonza mawailesi, n'kumakawaphwasula kuti tipezemo tizipangizo. Mulenga ankanyengerera, ine ndinkasenza. Ankauza anthu kuti Angoni, mtundu wanga, Mulungu anawalenga ndi mutu wafulati dala kuti azisenza katundu wa Abemba. Ine ndinkayankha kuti Mbemba ukamupatsa katundu asenze, ndiye kuti watsanzikana naye katunduyo.

Ngakhale tinkasowa, labu inali yamoyo. Munkanunkha utsi wa mtovu ndi thukuta la achinyamata. Wina wapsa chala, wina akukangana ndi mnzake za waya wofiira, wina waphulitsa kachipangizo ndipo onse akuwa. Dzina langa linkaitanidwa kuchokera kumakona onse: "Ba Zulu, bwerani muone! Ba Zulu, mita yanga yafa!" Madzulo ndinkafika kunyumba makutu akulira, n'kuuza mayi wanu kuti ndikufuna bata. Ndikanadziwa, sindikanalipempha.

Mu 2004 nthambi ya ku Ndola inatsekedwa, tonse awiri tinabwezedwa ku Kitwe. Koma tinali titamanga kale, iye ku Mushili, ine ku Kabushi, choncho tinasankha kumayendera. M'mawa uliwonse tinkakumana pa siteshoni n'kukwera minibasi imodzi. Makondakitala ankatisungira malo, chifukwa anthu ankakonda kukwera basi imene muli "madala awiri otukwanana aja". Msewu wonse wa Ndola mpaka Kitwe tinkautha osauona.

2017

Mayi wanu anatisiya. Inu munalipo, koma munali ndi chisoni chanu ndipo mwina simunaone zonse. Uthenga utangomveka, Mulenga anafika ndi gulu la Abemba a ku Mushili. Analanda khitchini, analanda nkhuni, anapita kumanda kukaona za dzenje, ife eni maliro anatikhazika pansi ngati alendo. Ine ndinali nditauma ngati chitsa. Chimwalirireni Tereza sindinagwetse msozi, ndipo chakudya sichinkatsika. Tsiku loika, Mulenga anabwera kumbuyo kwanga ndi ufa m'manja n'kundipaka mutu wonse, monga amachitira ambuya pamaliro. Kenaka ananena mokweza kuti onse amve: "Osalira, iwe. Uyu mukazi anayesa maningi. Nkhope monga iyi, ndani angaipirire mpaka ukalamba?" Ndinaseka pamaliro a mkazi wanga, ana inu. Ndipo kusekako kutatsegula pakhosi, kulira kunapeza njira, ndinalira mpaka kutsala pang'ono kugwa. Mulenga anandigwira m'khwapa, akundinenabe kuti ndine wolemera ngati thumba la mbewa.

Inu munabwerera, wina ku Lusaka wina ku Solwezi, ndipo sindikukuimbani mlandu, ntchito ndi ntchito. Nyumba inakula mwadzidzidzi. Ndinayamba kudyera m'poto kuti ndisatsuke mbale, ndi kuyatsa wailesi osati kuti ndimvere koma kuti m'nyumba mukhale mawu. Chimene chinkandidzutsa m'mawa n'kundivalitsa nsapato chinali chakuti pa siteshoni pali munthu amene akundidikira kuti andinyoze.

2021

Nthawi imeneyi mutu wa dipatimenti anali Mayi Siame, mayi wophunzira kwambiri, wolankhula molunjika, wosakonda zokhotakhota. Sanali munthu woipa, ndipo musamuwerenge choncho. Tsiku lina anatiitana n'kutiuza kuti kwabwera thandizo lochokera kunja, labu isintha. Ophunzira sadzafunikanso kubwera ku Kitwe. Wa ku Mansa, wa ku Mongu, ngakhale wa kunja kwa dziko, adzangovala chigoba kumaso, chokhala ndi timagalasi m'kati, n'kuona benchi lathu ngati wakhala pomwepo. M'manja adzagwira kachogwirira, ndipo akasuntha dzanja lake kumeneko, mkono wa loboti kuno udzasuntha chimodzimodzi, kutola waya, kulumikiza, kuyeza. Mulenga anatenga chigobacho, anachitembenuza uku ndi uku, n'kundipatsa. "Tenga, mwana wa kum'mawa. Nyau zanu zafika na ku koleji."

Mabenchi akale anawatulutsa, anatsala ochepa, lililonse ndi mkono wake wachitsulo woyenda pa kanjanji, makamera pamwamba, ndi mzere wachikasu wopentedwa pansi umene munthu sankaloledwa kuudumpha mkono ukamagwira ntchito. Ndinene chilungamo: chinthucho chinali chabwino. Mtsikana wa ku Mongu amene makolo ake sakanatha kumulipirira chipinda ku Kitwe ankatha kuphunzira ali kwawo. Zaka zonse tinkalirira zipangizo zatsopano, ndipo zinabwera. Koma walira mvula walira matope. Ophunzira anasowa. Ntchito yathu inatsala yoyala tizipangizo m'timathireyi, kusintha zimene zapsa, ndi kudina batani lofiira mkono ukasokonekera. Chimene sindinachizolowere mpaka tsiku lomaliza ndi ichi: uli phee wekha, mwadzidzidzi mkono uja wadzuka, wayamba kufufuza pabenchi, popanda odi, popanda moni. Munthu walowa m'chipinda mwako, koma sudziwa nkhope yake, sudziwa ngati wadya kapena ayi. Akamaliza, mkono umabwerera pamalo pake, ndiye kuti wapita.

Tinkapirira chifukwa tinali awiri. Koma pabenchi lililonse panali kachipangizo kotola mawu, kuti wophunzira azimva kulira kwa makina, ndipo kankatolanso mawu athu. Ophunzira a m'dziko muno ankangoseka. Tsoka linabwera ndi mphunzitsi wina wa kunja amene anavala chigoba ali kwawo kuti aone mmene ntchito ikuyendera. Mulenga, pofuna kudzionetsa kwa mlendo, ananditcha kapolo wake m'Chingerezi. Mlendoyo anadandaula kwa akuluakulu kuti mu labu muli wantchito wozunza mnzake chifukwa cha mtundu. Mayi Siame anatiitana, akuoneka kuti akulimbana ndi kuseka. "Ine chimbuya nichiziba, ba Zulu. Nayesa kubafotokozera, but aba banthu sibangamvese. Ndiye bene ba makina. Nifunika kuonesa kuti nachitapo kanthu." Anatigawa: Mulenga m'mawa, ine masana. Minibasi ya pamodzi inathera pomwepo. Tinkangokumana pakhomo la labu, iye akutuluka ine ndikulowa, n'kuponyerana chipongwe chimodzi mothamanga ngati anthu opatsirana katundu wakuba.

2023

Lamlungu lina, akuchokera kutchalitchi, Mulenga anagwa pakhomo pake. Sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, ndipo mawu anapita. Atatuluka m'chipatala anamupumitsa ntchito, ine ndinapatsidwa mashifiti onse awiri.

Ndinapita kukamuona ku Mushili. M'minibasi ndinakonzeratu zomuuza, zakuti waona ntchito yamukulira ndiye wanamizira matenda. Mkazi wake, Bana Chileshe, anandilowetsa. Ndinamupeza pampando pafupi ndi zenera, atafundika bulangete, pakamwa patapotoka, kansalu kali pachifuwa kolandira malovu. Munthu wamtali uja anali atachepa. Zonse zimene ndinakonza zinandithawa. Ndinavula chipewa, ndinakhala pamphepete pa mpando ngati mlendo, n'kunena kuti, "Mwashibuka shani, ba Mulenga? Pepani maningi. Mulungu azakuthandizani." Chiyambire 1986 ndinali ndisanamutchepo "ba". Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lake lamanzere limene linatsala labwino, kenaka anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo sanaibwezenso mpaka ndinatsanzika.

Bana Chileshe anandiperekeza mpaka pageti. Anaima, n'kundiyang'ana ngati mwana amene waswa mbale. "Na imwe, ba Zulu? Bonse bamene babwera bamupepesa monga afa kale. Ba m'chalichi bamupepesa, bana bamupepesa. Enze kuyembekeza imwe." Ndinamvetsa pomwepo. Ulemu wanga unamuuza kuti ngakhale mbuya wake wamuona kuti watha.

Ndinabwererako kangapo, ulendo uliwonse nditalumbira kuti lero ndimunyoza. Koma ndikangoona kansalu kaja, lilime linkalemera. Munthu wagwa kale, umuponda bwanji? Ndinkayamba, "Iwe Mulenga," n'kumaliza ndi zanyengo. Iye anasiya ngakhale kutembenuka ndikalowa. Anayamba kukana chakudya, anakana zolimbitsa thupi zimene a kuchipatala anamuuza. Bana Chileshe anati akungodikira tsiku. Ndinali kumutaya mnzanga adakali moyo, ndipo ndinkadziwa kuti mankhwala ake ali pakamwa panga, koma osatuluka.

Masiku amenewo ndinkakhala ndekha mu labu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tsiku lathunthu linkatha ndisanalankhule ndi munthu kupatula kondakitala. Nthawi zina ndinkadzimva ndikuyankha mkono wa loboti: "Osati uyo waya, iwe." Tsiku lina ndikuonerera mkono ukugwira ntchito, ndinakumbukira kuti kachogwirira kaja munthu amakagwira ndi dzanja limodzi. Mulenga dzanja limodzi anali nalo. Ndipo ndinaganiza kuti pamaso pa munthu wa pampando uja ndimalephera, koma Mulenga atalowa mu labu muno, ine osamuona nkhope, angakhale Mulenga yemwe uja.

Ndinapita kwa Mayi Siame kukapempha kuti ndibwereke chigoba chathu choyesera Loweruka limodzi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu. "Ba Zulu, nimvela chifundo, zoona. But makina ni ya bene. Olowa ni ma student olembesa chabe, na vonse vamene mkono uchita vimalembeka, makamera yamaona. Nikavomera, ni ine nizayankha." Anaima kaye, n'kuwonjezera motsitsa mawu: "Next year mupuma nchito. Nakupempherani contract ya two years, yasala chabe kusaina. Osaiononga."

Ana anga, apa ndi pamene panali povuta. Kontirakiti imeneyo sindinkaifunira chuma. Ndinkaifuna chifukwa ndinkaopa nyumba ino. Labu inali chete, inde, koma inkandipatsa chifukwa chometera ndevu, chokwerera basi, choonera anthu pamsewu. Popanda iyo ndinkadziona nditakhala pakhonde kuyambira m'mawa, kudikira kuti dzuwa lilowe. Komanso moyo wanga wonse ndinali munthu wa "Ee mukwai", ndinali ndisanatulutsepo ngakhale kawaya kamodzi pageti la koleji. Ndinalimbana nazo milungu yambiri. Chaka chinatha, china chinayamba, Mulenga akunka naonda. Chimene chinandidula n'chakuti tsiku lina ndikusamba ndinakumbukira kuzizira kwa ufa uja m'mutu mwanga. Iye sanayambe wafunsa ngati n'koyenera kuseketsa munthu pamaliro a mkazi wake. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.

2024

Lachisanu lina ndinaika chigoba ndi kachogwirira kake m'chikwama changa, pansi pa jekete, n'kudutsa pageti. Mlonda anandipatsa moni mwaulemu, ine thukuta lili kamukamu. Ndinapita molunjika ku Mushili. Chaka chimenecho magetsi ankazima kwambiri, choncho ndinali nditachitchajiratu. Ndinaphunzitsa Bana Chileshe kuchilumikiza ndi foni yake, kuchimanga kumutu, ndi kuika kachogwirira m'dzanja lamanzere. Mulenga anali pompo, nkhope kukhoma, ngati tikukamba za munthu wina.

Loweruka masana ndinakwera basi ya ku Kitwe. Zinkandiseketsa mumtima kuti pofuna kukumana ndi mnzanga ndinkayenera kumuthawa ulendo wonsewo. Ndinatsegula labu, ndinayatsa benchi limodzi ndi kasipika kake, ndinalowetsa dzina langa m'kompyuta, n'kukhala pampando kunja kwa mzere wachikasu. Kanyali kanayaka kosonyeza kuti ku Mushili alumikiza. Mkono sunasunthe. Ndinadikira mpaka matako anachita dzanzi. Kenaka m'kasipika munamveka Bana Chileshe: "Ba Zulu, namuvalika, but akana kugwira. Dzanja aifumbata chabe."

Ndinayang'ana mkono wachitsulo uja, wopanda bulangete, wopanda kansalu. Ndipo mawu anangobwera okha, ngati madzi pampopi umene unatsekeka kalekale. "Mulekeni, Bana Chileshe. Nenze naziba. Kolwe angakwanise bwanji makina yodula so? Zaka zonse izi ni ine nenze kumugwirira nchito, yeve kuyenda chabe na jekete yoyera monga dokota. Muvuleni, angaziononge. Mupaseni nthochi ankale pansi."

Ndinaopa kuti ndapyola muyeso. Kenaka mkono unanjenjemera. Unadzuka mokhota, unayenda pa kanjanji ngati munthu woledzera, n'kugunda thireyi, tizipangizo tonse mbwee pansi. Ndinafuula, "Ona! Wangofika chabe wayamba kale kuononga katundu wa boma!" Mkono unaima, ngati ukundiyang'ana. Kenaka unatsika pang'onopang'ono kufuna ndodo yoyezera ya mita, kachitsulo kosongoka kaja kokhala ndi waya. Unaitola, inagwa. Unaitolanso, inagwanso. Ine ndinali chilili, zibakera zili gwa, ndikumunyoza mosalekeza, mumtima ndikupemphera. Pomaliza unaigwira. Koma sunapite nayo pabenchi. Unatembenukira kwa ine, n'kuyamba kukodola, kutsika ndi kukwera, kundiitana.

Munthu akadumpha mzere wachikasu, mkono umaima wokha. Kuti usaime pamafunika kutembenuza kiyi wina, ndipo kutero kunali mlandu waukulu kuposa wotulutsa chigoba. Ndinatembenuza kiyiyo, ndinadumpha mzere, ndinawerama. Mkono unabwera monjenjemera, n'kugunditsa ndodo ija pachipumi panga, yozizira. Unaisiya pamenepo kanthawi, monga timachitira poyeza ngati m'chinthu muli magetsi. Kenaka unachoka n'kukagogoda pagalasi la mita kuti ndione. Mita inkaonetsa ziro.

M'kasipika munatuluka phokoso loipa, ngati mbuzi yotsamwa ndi chitsononkho. Ndinachita mantha. Kenaka Bana Chileshe anakuwa: "Baseka! Lesa wandi, ba Zulu, baseka!" Ndinakhala pansi pasimenti, pakati pa tizipangizo tomwazika tija, n'kutukwana mtundu wake wonse, kuyambira agogo ake mpaka anyani a kwawo, misozi ikutsikira m'kamwa.

Lolemba ndinabweza chigoba, ndipo ndisanakhale n'komwe ndinaitanidwa. Mayi Siame anatseka chitseko. Pa kompyuta yake panali chithunzi changa nditawerama, ndodo ili pachipumi. "Ba Zulu, nenze nakuuzani." Ndinati, "Ee mukwai." Anati chigoba akanatha kuchibisa, koma za kiyi sangathe, chifukwa uthenga unapita wokha kwa eni makina. Sanandichotse ntchito, anandilola kufika tsiku langa lopuma, koma kontirakiti inafera pomwepo. Ndikutuluka anandifunsa, maso ali pa kompyuta, ngati Mulenga wadya. Ndinati wadya. Anagwedeza mutu. Sindinamusungire chakukhosi, ndipo inunso musatero.

Kuyambira pamenepo kansalu kaja sindinkakaonanso. Nditapuma ntchito ndinkapita ku Mushili pafupipafupi, nditanyamula nthochi, n'kumuuza kuti ndabweretsa chakudya cha mtundu wake. Iye ankandilanda chipewa ndi dzanja lamanzere n'kuchikhalira. Anayamba kudya, anayamba kuyenda ndi ndodo mpaka pageti. Mawu sanabwerere, kupatula ochepa opotoka, ndipo onse ochepawo ankawasungira ine. Bana Chileshe ankatithamangitsira panja kuti tikusokoneza ana oyandikana nawo.

2025

Sitiroko yachiwiri inamutenga m'nyengo yozizira, ali m'tulo. Tsopano inali nthawi yanga. Ndinasonkhanitsa a kum'mawa a ku Kabushi, a ku Katolika ndi a ku Reformed omwe, tinapita kukalanda khitchini ndi nkhuni. Ndinapaka Bana Chileshe ufa m'mutu, n'kuwauza kuti tsopano apumula, akwatiwe ndi Mngoni aone mwamuna weniweni. Kumanda ndinagwira fosholo ndi msana wanga wokalambawu, ndipo ndinauza anyamata kuti akwirire kwambiri, angatuluke usiku kukaba nthochi za anthu. Anthu anaseka, Bana Chileshe anaseka kenaka analira. Ntchito yanga ndinaigwira bwino. Nditafika kunyumba ndinakhala pampando osavula nsapato mpaka kunada.

Za labu ndimamva kuti ikuyenda bwino, ophunzira achuluka, ndipo ndimakondwera nazo. Kontirakiti ija sindiilira. Nyumbayi ndi yachete monga ndinkaopera, koma ndikanasankhanso chimodzimodzi.

Tsopano ndine mdala wolemekezeka wa ku Kabushi. Kutchalitchi amandikhazika kutsogolo. M'minibasi achinyamata amandipatsa mpando. Inu mukaimba foni mumati, "Muli bwanji, atate? Mwamwa mankhwala?" ndipo ndimathokoza. Mwezi watha kubutchala ndinamva mnyamata wogulitsa akulankhula Chibemba, mtima unadumpha, ndinamufunsa ngati nyama imeneyi si ya kolwe. Anandiyang'ana mwamantha n'kunena kuti, "Awe daddy, ni ng'ombe. Sorry daddy." Ndinalipira, ndinatenga kaphukusi kanga, ndinabwera kunyumba. Chimuikireni Mulenga, palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene wanditukwana.